Nkhandwe ya m'Bokosi la Bambo

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga, ndi kamwana kanu kaja timangokaonera pa chithunzi. Kuno tilipo. Alamu ako akudandaula msana monga mwa masiku onse, koma m'mbale sasiyamo kanthu.

Nkhani ndi ya bambo. Maso awo akutha. Adokotala anatiuza mosabisa kuti ikamatha miyezi itatu kapena inayi udzakhala mdima wokhawokha. Bambo anangoyankha kuti ndiye tifulumire ndi ntchito.

Ukulikumbukira bokosi la nsapato lija ankasungamo makhadi? Pano mabokosiwo alipo asanu ndi anayi. Chipumireni pa ntchito yomasulira kukhoti, tsiku lawo limathera pomwepo: khadi limodzi, liwu limodzi la Chingerezi, abale ake a liwulo, ndi tanthauzo m'Chichewa. Poti sakuonanso bwino, mlembi ndine. Ndikaweruka kusitolo ya nsalu kuja ndimakhala patebulo lapawindo, iwo n'kumandiuza zolemba, kwinaku akundinena kuti zilembo zanga zili ngati popalasa nkhuku.

Lamulo lawo silinasinthe. Liwu sililowa m'bokosi popanda chitsanzo cha munthu amene anamuona ndi maso awo. Amati chitsanzo chopeka ndi mboni yabodza.

Sabata yatha tinafika pa fox, kanyama kamene iwo akuti n'kachibale ka nkhandwe. Anandiuza kuti eni chinenerocho anakaunjikira mawu: yaikazi liwu lakelake, mwana lakelake, ndiye kubwera a ukathyali wake, sly, crafty, wily, mpaka khumi ndi awiri. Ine lilime linachita kupindika, iwo akungowatchula ngati akuitana ana awo. Mutu wa munthu uja ndi wina, mlongo wanga. Buku sakuliona, koma amadziwa liwu lonyoza ndi liti, lochitira munthu ulemu ndi liti.

Nditafunsa chitsanzo cha liwu loyamba, anati ndilembe za mwana amene ankapititsa patsogolo wotchi yapakhoma kuti phunziro la Chingerezi lithe msanga. Lachiwiri, za mwana amene ataswa galasi lapawindo anazula zidutswa zonse n'kupukuta felemu, moti malemu mayi anatha masiku atatu akuyamikira kuti galasi layera. Lachitatu mwana yemweyo, iwe. Lachinayi iwenso. Makhadi khumi ndi limodzi, nkhandwe yake imodzi yomweyo.

Ndinkayembekezera mkwiyo, pajatu patha zaka zisanu ndi ziwiri dzina lako osatuluka pakamwa pawo. Koma anaseka mpaka kutsamwa, misozi ili chuchuchu.

Apa ndiye ndiulule. Kuseka kuja kunandimasula pakamwa. Ndinawauza zonse za mwezi uja unkachoka m'mawa utavala malaya oyera ndi tayi, ngati ukupita ku ukalaliki umene bambo anakupezera, chonsecho ukukaphunzira kuwotcherera zitsulo. Ndinawauza kuti ovolosi yako ndinkachapa ndine, n'kukayanika kuseri kwa aneba. Tinapangana kuti chinsinsi chimenechi tidzapita nacho kumanda. Undikhululukire, ndaswa pangano.

Ukudziwa anati chiyani? Akuti za ine anazitulukira iwe utangopita, atakumbukira kuti wogulitsa nsalu sakhala ndi girisi m'zikhadabo. Koma iwe ndiye unawagometsa. Anati zaka makumi atatu akhala akumasulira mabodza a akathyali odziwika, ndipo palibe amene anawapusitsa mpaka nthawi ya nkhomaliro. Mwana wawo yekha ndi amene anawayendetsa mwezi wathunthu, iwo eni akumudzutsa ndi kumumangira tayi. Anazinena monyadira, ngati kholo la mwana amene wakhoza mayeso.

Kenako anati mawu aja anakunenera pakhomo bodza lako litaululika, oti usadzapondenso pano, anali a munthu amene wachita manyazi, osati wodana ndi mwana wake. Moyo wawo wonse akhala akusankhira anthu ena mawu oyenera, koma pa mwana wawo anatola olakwika.

Khadi lakhumi ndi chiwiri akana kuti ndilembe. Akuti ndi la tsiku unachokalo, ndipo mbali yako sanaimve, pomwe kukhoti sagamula mlandu atamva mbali imodzi. Usanamizike nazo, ukathyali uja unatengera kwa iwo. Za khadi n'zongophimbira. Akufuna aone nkhope yako kusanade, ndipo ine ndili ndi mantha kuti uchedwa.

Bwera, iwe. Usavutike ndi mphatso. Ufike masana dzuwa likuwala, ukhale kudzanja lawo lamanja, pafupi kwenikweni. Diso lakumanzere lasiya kale.

Mulungu akusunge ndipo akuyendetse bwino panjira. Upereke moni kwa mlamu wanga, ndipo mwanayo usamusiye, agogo ake amuonenso.

Ndine mlongo wako wamkulu.