Dzanja la Bambo Silikumvanso Mphepo

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tilipo, koma ndikati tili bwino ndiye kuti ndanama. Makalata awiri munalandira aja mawu anali a bambo, ine ndinkangogwira cholembera. Iyi ndalemba ndekha pa nthawi yopuma masana, ndipo iwo sakudziwa. Kuyimba sindingathe, foni ndi imodzi ndipo imakhala m'thumba mwawo.

Panopa tikugwira ntchito pa nyumba ina yosanja ya maofesi. Tikuika makina oziziritsa mpweya. Si timakina ta pakhoma tija ayi, ndi chibokosi chimodzi chachikulu kuposa kabati yanu, zonse zili momwemo. Anachikweza padenga ndi kireni. Kuchokera pamenepo timalumikiza mipope ya malata ya makona anayi, yodutsa m'siling'i, yopititsa mpweya wozizira m'chipinda chilichonse. Poti ndine wowonda, mopanikizika monse wolowamo ndine. Wamagetsi amene tikugwira naye ntchito wandipatsa dzina loti Khoswe, akuti tsiku lina anditchera msampha. Thonje lokutira mipopeyo limayabwa koopsa, koma ndayamba kuzolowera.

Mukuwadziwa bambo, sakhulupirira ntchito asanaiyese. Makina akayatsidwa, tisanakutire thonje, amanyowetsa kuseri kwa dzanja ndi madzi n'kumaliyendetsa pang'onopang'ono paliponse pamene malata akumana. Pakakhala kampata, ngakhale kochepa ngati diso la singano, dzanja lonyowalo limamva kuzizira, ndiye timamatapo. Amakonda kunena kuti dzanja silinama.

Lachiwiri tinayatsa makinawo. Bambo anali patsogolo, ine pambuyo ndi chitini cha phula lomatira. Pa ngodya ina anayendetsa dzanja n'kunena kuti pali bwino. Ine ndikudutsa pomwepo, mphepo inandiwomba patsaya, yochita kuziziriratu. Ndinayesa akundiyesa nzeru. Ndinadikira kuti acheuke aseke, koma anangopitirira. Ndinamatapo mwakachetechete. Malo anayi, Amayi, ndipo onsewo iwo anati pali bwino.

Apa m'pamene ndinayamba kukumbukira zina. Kapu masiku ano akunyamula ndi kumanzere. Mabatani a malaya amalimbana nawo nthawi yaitali. Mwezi watha lata linawacheka chala, magazi ndinayamba kuwaona ndine, iwo ali kalikiliki ndi ntchito. Ndipo cholembera chija sanandipatse pofuna kundiphunzitsa monga inu munaganizira.

Lachinayi kapitawo anapeza malo achisanu amene ine ndinaphonya, poti ankachita kulira ngati wenzulo. Anafunsa moseka pamaso pa anthu ngati dzanja la amdala layamba kunama. Anthu anaseka, sankadziwa kanthu. Bambo ananyowetsa dzanja, n'kuliika pamenepo nthawi yaitali. Kenako anagwira langa n'kuliika pomwepo.

"Ukumva?"

Ndinavomera ndi mutu. Iwo anayang'ana mpope wonse, anaona phula latsopano pa malo anayi aja. Sanandikalipire. Titatuluka anakhala pa chidebe cha penti, dzanjalo lili pabondo, akungoliyang'ana ngati la munthu wina. Mawu amene ananena ndi awa okha:

"Amayi ako usawauze."

Ndinalonjeza, ndipo lero ndaphwanya lonjezolo. Mundikhululukire ngati ndalakwa, koma chifukwa chake ndi ichi. Lolemba likubwerali likadutsa, Lolemba linzakelo akubweretsa makina achiwiri, okaikidwa padenga lapamwamba penipeni. Kumeneko kulibe masitepe. Kuli makwerero achitsulo omangidwa kukhoma, owongoka, okwera pogwira ndi manja onse awiri, zida zili kumsana. Ndinawapempha kuti ndikwere ine ndi wamagetsi, iwo azitiuza zochita ali pansi. Anandiyankha kuti khoswe malo ake ndi m'siling'i. Za chipatala ndinatchulako, akuti ndi dzanzi chabe lithe lokha. Dzanzi lake liti la miyezi itatu?

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Bwerani tsikulo lisanafike, muwatengere kuchipatala. Kuwayimbira foni kokha sikuthandiza, akusekani n'kukufunsani za nkhuku. Ine ndimawaopa, koma inu amakumverani ngakhale akunyinyirika. Chipinda chathu n'chaching'ono, koma ine ndikagona kwa wamagetsi, wavomera kale. Nayenso anazindikira, anangosunga mumtima.

Mundiperekere moni kwa azakhali, achemwali ndi alamu, komanso kwa mng'ono wanga. Mumuuze kuti kagalimoto ka zidutswa za malata ndinamulonjeza kaja ndamaliza, katsala matayala. Azakhali musawauze kaye za dzanjali, mukudziwa mmene amalirira.

Mukafika bambo akafunsa kuti wakuuzani ndani, musandibise. Muwauze kuti ndine. Bola andikwiyire ali pansi.

Ndine mwana wanu wamwamuna woyamba,
amene kuno akumutcha Khoswe