Nyemba Zanga ndi Chifundo cha Amalume

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko? Mwendo uja wasiya kutupa? Ine ndili bwino, kungoti ndayenda chozyolika sabata yonse, ndipo wondichititsa manyazi ndi alongo anu.

Paja ndinakuuzani za kafukufuku wanga wa kukoleji. Ganizo loti ndiliyese linali lakuti manyowa a nkhuku amakulitsa nyemba msanga. Ndinadzala m'zitini makumi awiri pakhonde: dothi limodzi, mbewu imodzi, madzi kapu imodzi m'mawa uliwonse. Chosiyana chinali chimodzi basi, zitini khumi zinali ndi manyowa, zinazo ayi. Ukasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, sudziwa chomwe chakulitsa mbewu.

Lachiwiri aphunzitsi anabwera kudzaona. Ine tayi pakhosi, rula m'manja, kuti ndiyeze: nyemba zonse msinkhu umodzi! Ndikuchitabe chibwibwi, amalume anatulukira thaulo langa lili paphewa, n'kuwauza aphunzitsi kuti mwanayu sukulu yamuumitsa mtima, amadyetsa mbewu zina zinzake zikuyang'ana. Akuti ndikapita m'kalasi ankazithira manyowa zomanidwazo, zowonda n'kuzisunthira padzuwa. Aphunzitsi anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenako anati ndiyambirenso, ndipo ndikapanda kumaliza mwezi wamawa ndibwereza chaka.

Amayi, munthu anabwera kudzachotsa dzino, akuti masiku awiri. Dzinolo linachoka sabata zisanu zapitazo! Ndikadandaula akuti iwo anayamba kulima ine ndisanabadwe. Wakana ndani? Amati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa lawalephera.

Ndiye ndinaganiza zowayesa eni akewo. Ganizo langa linali lakuti chikuwasunga kuno ndi nyama. Sindinasinthe china chilichonse: bedi lomwelo, wailesi yomweyo, ulemu womwewo. Ndinangochotsa nyama n'kuikapo nyemba, masana ndi madzulo. Tsiku lachitatu anakumbukira kuti mbuzi zawo zilibe woziyang'anira.

Pempho langa ndi limodzi. Munditumizire mbewu ya nyemba yamtundu umodzi, yosasakaniza, chifukwa yanga tadya poyesa amalume. Mupatsire aliyense wobwera kuno, ngakhale mdani wanga, koma osati iwowo.

Mundiperekere moni kwa ababa, achemwali ndi alamu anga. Azakhali muwauze aphe nkhuku, amuna awo akubwera ndi njala.

Pamene ndikulemba pano angotuluka kumene pageti, thaulo langa lili m'chikwama. Alitenge. Pa kafukufuku yense wa chaka chino, watheka ndi yekhayu.

Ndine mwana wanu,
Wamabuku