Nthochi m'chikwama cha Waisale

Townsville
Lachitatu, 14 Meyi

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kuno kutsidya la nyanja. Kaya mwadzuka bwanji kwathu kuchilumba cha Kadavu? Bondo lija likukulolani kukwera chitunda cha kutchalitchi? Ine ndili bwino, ntchito yanga yoyeza madzi ikuyenda, kungoti mtima sunakhazikike, ndipo wondisokoneza ndi ine ndemwe.

Nkhani yabwino ndi yoti mng'ono wanga Waisale wasankhidwa. Kalabu yathu yopalasa mabwato yatumiza anthu asanu ndi mmodzi ku mpikisano wa Loweruka kummwera, ndipo iye wapatsidwa mpando wachitatu. Zaka ziwiri wakhala akuukhetsera thukuta mpandowo. Ine ndimangothandiza kunyamula mabwato, nkhafi inandikana kalekale.

Dzulo m'mawa tinapita kukawaperekeza pa basi. Ndinalawirira kuphika vakasoso, poti inu simunalolepo mwana wanu kuyamba ulendo osadya nthochi zophika mu mkaka wa kokonati. Ndinadzaza mbale yaikulu ya onse, ndi kambale kena ka Waisale yekha, kamene ndinakalowetsa mwakachetechete m'thumba la m'mbali la chikwama chake.

Nditavundukula mbale yaikuluyo, a Glenys, mayi amene amatiphunzitsa kupalasa, anabwerera m'mbuyo ngati aona njoka. Akuti nthochi ndi bwato siziyendera limodzi, bambo awo anasodza zaka makumi anayi osalola ngakhale khoko lake m'bwato. Anandiuza kuti nditalikire ngolo imene inanyamula bwato lathu, kenaka analengeza kuti amene apezeke ndi nthochi m'katundu wake asiya mpando, wina alowepo. Amayi, chaka chathunthu ndili mu kalabuyi ndipo palibe anandiuzapo. Kapena anandiuza ine maganizo ali kwina, sindikudziwa.

Ndikanangokhala chete monga mwa masiku onse. Koma ayi, ndinayamba kulongosola kuti chimene chimagubuduza bwato ndi mphepo ndi mafunde, kuti ndinaphunzira za nyanja zaka zinayi ku yunivesite ya ku Suva ndipo nthochi sindinaipeze m'buku lililonse. Waisale anangoti, “Achimwene, chonde,” maso ali pansi.

Apa anzathu operekeza anapeza poyambira. Malakai, mnzathu wa ku Tonga uja, anatenga supuni n'kuyamba kudya, akuti wadzipereka kumeza tsoka lonse kuti timu ipulumuke. Anauza a Glenys kuti ngati nthochi ndi yoopsa chotere, bwanji osangogula mkoko wonse n'kukaponya m'mabwato a opikisana nafe, ife tisiye kudzivutitsa ndi kupalasa. Kenaka anaulula kuti Darcy, amene amakhala kumbuyo kuwongolera bwato, ali ndi kabudula wa mwayi amene sanalawe sopo chidutsireni Isitala. Darcy sanakane. Akuti fungo lake ndi limene limathamangitsa anthu asanu a kutsogolo kwake. Ndinaseka nawo, koma m'mutu mwanga munali kambale kaja basi.

Basi itatsala pang'ono kunyamuka, mkazi wa Darcy anakuwa kufunsa mwamuna wake kuti pa mpikisanowo bwato lidzadutsa mbali iti ya chilumba cha kumeneko. Amayi, pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinati, “Musafunse! Wopita kunyanja safunsidwa kumene akulowera!” Mawu enieni a malemu Atate. Malakai anatsala pang'ono kutsamwa.

“Mwawamva a pulofesa? Zimenezo zili pa tsamba liti la buku la ku Suva, bwana?”

Anaseka mpaka kukhala pansi, supuni ili m'manja. A Glenys okha ndi amene anandigwedezera mutu movomereza, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kuseka kuja.

Basi inapita ndisanapeze mpata wotulutsa kambale. Tsiku lonse kuntchito ndinali wosapeza mtendere. Ndikaimbira a Glenys kuti ndivomere mlandu, mwina sandimvetsa, mwana ataye mpando chifukwa cha ine. Ndikakhala chete, kokonati akayamba kusasa m'chikwama adziulula yekha. Ndikalembera Waisale, mwina uthengawo auone wokhala naye pafupi. Ndinalemba ndi kufufuta kasanu konse. Ndinadzinyansa, munthu wamkulu kunjenjemera chifukwa cha nthochi zitatu.

Poweruka ndinalimba mtima. Ndinalembera Waisale uthenga pa foni kuti atsegule thumba la m'mbali ali yekha, ataye zimene apezemo, ndipo andikhululukire. Anayankha msanga. Akuti fungo analimva asanakwere n'komwe, ndipo ataima kumwetsa mafuta ku Bowen anakabisala kuseri kwa zimbudzi n'kudya zonse, kambale n'kuponya m'bini. Akuti chakudya cha Amayi sichitayidwa. Akutinso ndinachulutsa shuga. Palibe anamuona, mpando wake ulipo.

Ndinkayesa ndapuma, koma mwana wanuyo anawonjeza funso. Akufuna kudziwa ngati nthochi imene ili m'mimba imawerengedwa kuti yalowa m'bwato, ndipo ngati ndi choncho, mphamvu yake imatha pakapita masiku angati. Ndinamuuza kuti asiye zopusa, pofika Loweruka m'mimbamo mudzakhala mulibe kanthu. Akuti iye sakufunsa za digiri yanga. Akuti ngati palibe womutsimikizira, akaulula yekha kwa a Glenys, chifukwa sangaike anzake asanu pangozi. Mukumudziwa akanena chinthu.

Pempho langa ndi limeneli. Kalatayi ndiijambula pa foni kuti mlongo wanga Unaisi akuwerengereni lero lomwe. Chonde mupite kwa amalume a Penioni. Iwo akalambira panyanja ndipo Waisale amawamvera kuposa ine. Muwafunse za nthochi ya m'mimbayi. Akanena kuti palibe vuto, amuimbire mnyamatayo lisanafike Lachisanu, akhale pa mpando wake. Akanena zina, musamuuze kanthu. Muyambe mwaimbira ine.

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa Unaisi ndi alamu, ndi kwa adzukulu anu onse. Amalumewo muwapatse moni wapadera, ndipo muwauze momveka bwino kuti wofunsa ndi Waisale, osati ine.

Tsalani mu mtendere wa Ambuye.

Ndine mwana wanu,
Ilisoni