Zinki Ndamupaka Penti

Akazanga,

Musadabwe kuona tiyi wosamwa patebulo. Ndathamangira kudoko, boti la adokotala lija alibwezera m'madzi 10 koloko.

Funso lanu la dzulo landigwira ndikutsuka mano. Mutaona chithunzi pafoni munati, "Nanga zitsulo zonyansa zija zapita kuti?" Zilipo, koma ndinazipaka penti ndekha kuti boti likongole. Pajatu zitsulo zosiyana zikakhalira limodzi m'madzi, chimodzi chimadyeka. N'chifukwa chake timamangirira zinki pansi pa boti, kuti azidyeka iyeyo, pulopela yoyendetsa boti ipulumuke. Ukamupaka penti, madzi samukhudza, ndiye amatembenukira pulopela. Zaka zinayi ku yunivesite, ine n'kumateteza chitsulo chomwe ntchito yake ndi kudyedwa! Inu mwazindikira mukungodutsa, mwana ali kumsana. Mwana wa makaniko ndi makaniko ndithu.

Ndatenga sandipepa ndi galimoto, pepani, lero mukwere basi. Foni yanga yatha moto, choncho muwaimbire a keleni yotsitsira boti m'madzi adikire kaye. Nambala ili pafiriji. Chifukwa chake musawauze. Akaumirira, mungoti injiniya wamkulu wakana, simukhala mukunama, poti injiniyayo ndinu.

Mwamuna wanu wa digiri