Mbale imene anagwetsa kumbuyo kwanga

Amayi, kaya mukukhala bwanji uko munapitako? Ndine Bonifasi wanu. Ndikadali kuno ku Mzuzu, ku Chibavi, kumene kuzizira kumalowa mpaka m'mafupa.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu Nabanda anachira bwinobwino, watipatsa mwana wamkazi. Tamutcha Esinati, dzina lanu, ndipo chipumi n'chanu chomwe chija. Anthu amati amalira mokweza, koma ine ndimangoona kukamwa kuli yasa, ndiye ndimamuika pachifuwa kuti kulirako ndikumve ndi nthiti. Chimanga sichinachite bwino, nthaka ya kuno sitinaizolowere, koma mbatata ndi nyemba zatisunga. Nkhuku zonse zinatha ndi chitopa.

Makutu aja aipiraipira, amayi. Mukukumbuka nditabwera kuchokera ku Bama, munkandiitana ine osayankha, n'kumati nkhondo yandiphunzitsa mwano? Sunali mwano. Mzinga umene unaphulika pafupi nane unapha khutu lakumanzere, ndipo lakumanjali limamva pokhapokha munthu afuulire pafupi. Ntchito yanga ya ku esiteti inatha chifukwa chomwecho. Kapitawo anakuwa kuti galimoto ikubwerera m'mbuyo, ine osamva, inangotsala pang'ono kundiponda. M'mawa mwake anandiuza kuti ndisabwerenso.

Boma linalonjeza kuti ife asilikali amene tinalumala kunkhondo lidzatiphunzitsa ntchito ya manja n'kutipatsa zida. Ine ndinapempha ukalipentala, poti thabwa sililankhula. Anandikana, ati pathupi panga palibe chipsera chosonyeza kuti ndinavulala. Ndinachita apilo, n'kudikira mpaka mvula inagwa n'kutha. Paja munkati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye ndinadekha.

Tsiku limene anandiitana ndinavala jekete langa la usilikali, mamendulo ali pachifuwa. M'chipindamo munali mabwana achizungu, dokotala, ndi kalaliki womasulira, a Gondwe, amene ankandifuulira mafunso m'khutu. Tili m'kati moyankha, dokotala anazungulira kumbuyo kwanga ine osadziwa, n'kugwetsa mbale yachitsulo. Sindinaimve, amayi, Mulungu ndi mboni. Koma pansi pa chipindacho n'pamatabwa, ndipo panagwedezeka kumapazi anga. Thupi linakumbuka lokha. Ndinangozindikira ndili chafufumimba pansi pa tebulo, manja kumutu, ndikuitana Yohane, mnzanga uja anatsala ku Bama.

Nditatuluka pansipo, bwana wina anali kulemba, wina akumwetulira. Anagamula kuti ndimamva bwino, ndikungonamizira. A Gondwe anandiperekeza panja, n'kuika pakamwa pakhutu langa. "Pepani chomene, adada. Ine ndaona zimene zachitika. Musasiye, tilembera ku Zomba." Ndinangoti yewo, monga amathokozera kuno.

Munkati mwamuna akafuna kulira azipita kudimba. Ndinapita. Nabanda anandipeza komweko, mwana ali kumbuyo. Anangotola khasu n'kuyamba kupalira pambali panga.

Apilo yachiwiri yapita, kaya ayankha liti. Anzanga ena a kunkhondo anatopa n'kubwerera kumudzi, wina anamwalira akudikira. Pakali pano a Mhango, mkulu wa mpingo wathu amene amakhoma mipando, amandilola kupala matabwa awo. Savutika n'kundifuulira, amangondigwira dzanja n'kundisonyeza. Kampando kanga koyamba kanatuluka kopendekeka. Anakhalapo, n'kutsetsereka, ndipo anaseka mpaka misozi. Nanenso ndinaseka, koyamba chichokere kwa dokotala uja.

Amalume atumiza uthenga kuchokera ku Dedza kuti mtanda umene tinazika pamanda anu chiswe chadya, wagwa. Zandiwawa kwambiri, poti ngakhale nyimbo zimene anakuimbirani tsiku lija sindinazimve, ndinangoona milomo ikuyenda. Ndawauza kuti asaikepo wina. Boma lindiphunzitse kapena lisandiphunzitse, ndikhoma ndekha wa mlombwa, ndilembapo dzina lanu ndi manja angawa, ndipo ndibwera nawo mvula isanagwe. Ukakhala wokhota pang'ono musaukane, amayi, dzanja likadali kuphunzira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Bonifasi