Mpando wa Apongozi

Lolemba, 3 Febuluwale

Ndabwerako ku Mbeya. Miyendo yotupa ngati mitsi. Adokotala akuti kachitseko ka mumtima mwanga kanawonongeka. Opaleshoni ndi kumzinda waukulu wa Dar, koma thupi ili silingapirire mpeni, ndiyambe ndalilimbitsa kunyumba. Nesi Subilaga wandipatsa pepala la zithunzi. Kuyenda, kupuma mokoka mpweya, ndi kudzuka pampando kakhumi osagwirira. Pa 28 adzandiyesa. Ndikalephera, malo anga apatsa wina.

Mwana wanga Tumpale miyezi isanu ndi iwiri yokha. Mulungu.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Mpando wotalika bwino pakhomo pano ndi umodzi. Wa apongozi aamuna. Ine mkazi wa mwana wawo, pamwambo wa kuno wosayenera kuwayang'ana, kudutsa pamaso pawo, ngakhale kutchula dzina lawo. Ndiye ndikhale pampando wawo?

Ndayesa kampando ka kukhitchini. N'kafupi. Kawiri kokha, mtima gu gu gu, m'maso mdima. Ndayesa pandowa, yaphwanyika. Apongozi aakazi akuti, "Wodwala amagona. Ukufuna kutifera pabwalo kuti anthu azinena kuti tinakupha ndife?"

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Mvula. Bwalo losalala ndi lakutsogolo kumene amakhala apongozi aamuna. Kwanga ndi kuseri, mu nthochi, motsetsereka, matope okhaokha. Ndaterereka kawiri.

Ndaimbira Gwakisa ku Tunduma. Mwamuna wanga ameneyu! Akuti, "Mvera amayi, usandichititse manyazi." Kumbuyo kukumveka njinga yake yamoto, kasitomala akudikira. Wadula.

Dzulo apongozi aakazi anandipeza ndikuyenda. Akuti, "Kodi mphamvu zilipo eti? Mtsuko uwo." Ndikagona ndine waulesi, ndikayenda ndachira. Ndichite chiyani?

Lachisanu, 14 Febuluwale

Nesi waimba kufunsa kuti ndikudzuka kangati. Ndati katatu, pa thumba la chimanga. Akuti thumba n'lofewa, sizikuwerengedwa. "Mwana wanga, ku Dar sakafunsa za apongozi ako, akafunsa miyendo." Kulankhula n'kosavuta ukakhala m'tauni.

Tumpale wayamba kukwawa. Akundithawa. Mwana wokwawa kundisiya m'mbuyo ine!

Lamulungu, 16 Febuluwale

Onse kutchalitchi. Ndatseka chitseko. Ndakhalapo, pampando wa apongozi.

Kasanu. Thukuta, sindikudziwa ngati ndi mtima kapena mantha. Ndapukuta mpandowo ndi chitenje, ndauika ndendende mmene unalili. Palibe chandigwera.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Tsiku lililonse onse akapita kumunda wa khofi ndimaba mpando. Kasanu ndi kamodzi. Dzulo kasanu ndi kamodzi. Lero chimodzimodzi. Sizikukwera! Pepala lija ndinaliiwala pawindo, ndalipeza lopindidwa mosiyana. Ndani analiwona?

Kwatsala masiku asanu ndi atatu. Tumpale akadzakula adzamuuza chiyani? Kuti amako anafa ndi ulemu?

Lolemba, 24 Febuluwale

Ndilembe msanga.

Mvula inabweza apongozi aamuna kuchokera kumunda. Sindinamve mapazi. Ndikudzuka, iwo ali pakhomo, khasu m'manja. Nsalu yofunda kumutu pamaso pawo ili kutali. Pothawira palibe. Ndinangouma.

Anatembenuka, kundipatsa msana. Ananyamula Tumpale pamphasa. Kenaka akulankhula ndi mwanayo, mwana wopanda ndi mano omwe: "Iwe mkazi wanga wamng'ono, kawauze amako. Pepala linati kakhumi. Ine ndamva mpando ukulira kasanu ndi kawiri."

Ndinakhalanso. Ndinadzuka. Iwo akuwerengera mwana, maso kukhoma. Kachisanu ndi chinayi miyendo inakana, ndinagwera mumpando ndikulira.

Akuti kwa Tumpale, "Mawa nthawi ngati ino, ine ndi iwe tikaona ng'ombe. Tikachedwako."

Zaka zitatu pakhomo pano, ndi lero ndamva mawu awo pafupi.

Kasanu ndi katatu. Kwatsala kawiri, masiku anayi. Koma apongozi aakazi anali pawindo, aona zonse. Akundiitana kukhitchini tsopano, ndipo mawu awowo si amtendere.