Kumene a Mawotchi Akagone Lachitatu

KOMITI YA ZACHIFUNDO YA MPINGO

Tsiku: Loweruka, pa 9 Novembala
Malo: Chipinda cha misonkhano, kuseri kwa tchalitchi
Nthawi yoyambira: 2:15 masana, malinga ndi foni ya a Dalaivala

Opezeka: Wapampando, Mlembi, a Nesi, a Dalaivala, a Kalipentala, Mayi a Mapasa
Opepesa: Abusa (akudalitsa ukwati ku mpingo wina)
Osapezeka popanda uthenga: Mkulu wa kwaya

1. KUTSEGULA

Wapampando anapempha Mayi a Mapasa kuti atsegule ndi pemphero. Pemphero litangotha, a Nesi anapempha kuti nkhani yawo ikambidwe poyamba chifukwa ndi yachangu. Wapampando anati ndondomeko inalembedwa kale ndipo nkhaniyo ili pa mfundo 5. A Nesi anati chabwino, koma chikwama chawo sanachichotse pamiyendo.

2. ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPITA

Mlembi anawerenga zolembedwa za pa 12 Okutobala. Atafika pa mfundo 6, a Nesi anapempha kuti ibwerezedwe. Mlembi anabwereza motere: "Zinadziwika kuti wotchi yapakhoma ya m'chipinda chino yaima. Anagwirizana kuti aliyense amene awaone a Mawotchi awauze."

A Nesi anati palibe chokonza, zinalembedwa monga momwe tinanenera. Zolembedwazo zinavomerezedwa.

3. ZOCHOKERA M'ZOLEMBEDWA

(a) Wotchi. Wapampando anafunsa ngati alipo amene anawauza a Mawotchi, bambo wokonza mawotchi amene wakhala akuipukusa wotchiyi ndi kakiyi kake Lamulungu lililonse kwa zaka zambiri. Panalibe amene anawaona. A Dalaivala anati iwo ankaganiza kuti a Kalipentala awauza, poti amadutsa pa benchi ya ntchito ya a Mawotchi. A Kalipentala anati anadutsapo kawiri napeza potseka, ndipo anaganiza kuti apita kukagula zipangizo.

(b) Chikuku cha odwala. Wapampando anakumbutsa, mopepesa, kuti chikuku cha mpingo ndi zitsulo zotchinga m'mbali mwa bedi zidakali kunyumba kwa Mlembi, kumene zinapita pa matenda a malemu akazi awo, amene mpingo unkawatcha Mayi Apakhomo. Papita miyezi isanu. A Dalaivala anati, "Asiyeni achimwene, chikuku sichiwola." Mlembi anati abweza. Atafunsidwa tsiku, anati posachedwa.

4. MALIPOTI A MAULENDO OYENDERA ODWALA

A Dalaivala ndi a Kalipentala anati anakayendera mayi amene anathyoka mwendo. Anakumana nawo pageti atasenza thumba la makala. Mayiwo anathokoza, koma anati uwu ndi ulendo wachinayi, ndipo anafunsa ngati komiti yamva zina zokhudza thanzi lawo zimene iwo eni sakuzidziwa.

Mayi a Mapasa anati anapita kwa banja la mwana wodwala chifuwa, nagogoda nthawi yaitali. Anatsegula ndi munthu wachilendo amene anati banjalo linasamuka mu Ogasiti.

Wapampando anafunsa kuti mndandanda umene tikutsatira ndi wa liti. Mlembi anayankha kuti ndi wa mu Meyi. Ndi womaliza umene malemu anamuuza kuti alembe, iwo ali pabedi, kuchokera pa zimene ankamva kwa obwera kudzawazonda. Kuyambira pamenepo komiti yakhala ikungogawana mayina omwewo mwezi ndi mwezi.

Mayi a Mapasa anati kale mndandanda sunkachokera m'buku. Malemu ankakhala pa benchi ya pakhomo pa tchalitchi Lamulungu lililonse, n'kumaona olowa. Anthu akamatuluka ankangoti, "Uje sanabwere kawiri, kamuoneni." Anati ife tinkayesa kuti komiti ndi imene ikugwira ntchito, pomwe inali benchi ija. Wapampando anati mawuwo ndi olemera, asalembedwe. Mayi a Mapasa anati alembedwe.

5. NKHANI YA A MAWOTCHI

5.1 A Nesi anafotokoza kuti Lachinayi anawasinthira ku wodi ya abambo, ndipo pa bedi lachitatu kuchokera pazenera anapeza a Mawotchi. Agonapo masiku khumi ndi awiri. Anagwidwa sitiroko ali okha m'chipinda chawo, ndipo dzanja ndi mwendo wakumanzere sizikugwira. Kulankhula akulankhula, koma pang'onopang'ono. Asanagwe anadwala milungu ingapo osatuluka. Amene anawapeza ndi mayi wogulitsa zipatso pafupi ndi benchi yawo, amene sapemphera nafe. Mayiyo ndi amenenso wakhala akuwachapira zovala.

5.2 A Nesi anawerengetsa kuti a Mawotchi sanapezeke m'tchalitchi Malamulungu asanu ndi limodzi. A Kalipentala anati a Mawotchi amakhala kuseri kwa chipilala, pafupi ndi sipika, chifukwa cha khutu lawo, ndiye munthu sangawaone kuchokera kutsogolo. A Nesi anayankha kuti, "Wotchi ili pamwamba pakhoma tinaiona, abale anga. Mpaka tinailemba m'buku."

Wapampando anati madzi akatayika sawoleka, ndipo msonkhano usasanduke bwalo la milandu. A Nesi anati sakufuna wolakwa, akufuna bedi.

5.3 A Nesi anapitiriza kuti adokotala anena kuti a Mawotchi atuluka Lachitatu, pa 13, pakuti bedi lawo likufunika. Sangabwerere m'chipinda chawo: chili pamwamba, masitepe ndi khumi ndi anayi, ndipo chimbudzi chili panja. Akufunika munthu wowatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwayendetsa pang'ono tsiku lililonse kwa miyezi itatu kapena kuposa. Pakapanda wosaina kuti awatenga pofika Lachiwiri masana, a ofesi ya chisamaliro ya pachipatalapo awatumiza ku nyumba yosungirako okalamba, ulendo wa maola asanu ndi limodzi pa basi. A Nesi anati amene amapita kumeneko ali chonchi, kawirikawiri sadzukanso.

Wapampando anafunsa za achibale. A Nesi anati akazi awo anamwalira kalekale, mwana analibe, ndipo mchemwali wawo yekhayo ali kunja, naye ndi wodwala. Anati pa khadi la kuchipatala, pamalo polemba wachibale, kalaliki analemba zimene a Mawotchi anamuuza. Palembedwa kuti "mpingo wanga". Anawonjeza kuti atawazindikira, a Mawotchi anamwetulira ndi mbali imodzi nati, "Ndinadziwa kuti akutumani."

A Dalaivala anafunsa kuti a Nesi anayankha chiyani. A Nesi anati anavomera kuti atumidwadi, Mulungu awakhululukire.



5.4 Maganizo amene anaperekedwa:

(a) Wapampando anati pasankhidwe kakomiti ka anthu atatu kofufuza nkhaniyi n'kudzapereka lipoti. A Dalaivala anati, "Bwana Tcheya, lipotilo tidzakaliwerengera pa depoti, basi itanyamuka?" Ganizoli linachotsedwa.

(b) A Kalipentala anati chipinda chosungira mipando pano pa tchalitchi chikhoza kukonzedwa, iwo akhoma bedi Lolemba. A Nesi anafunsa ngati chili ndi zenera. Chilibe. Anafunsanso kuti munthu akafuna madzi aitana ndani, mipando kodi. A Kalipentala anati iwo amangoyesa kuthandiza. A Nesi anapepesa.

(c) Mayi a Mapasa anati mtima ulipo koma m'nyumba mwawo muli anthu asanu ndi awiri pa zipinda ziwiri, ndipo mapasa akukwawa. Anati chakudya ndi kuchapa akhoza kutenga masiku atatu pa mlungu, kulikonse kumene a Mawotchi angakhale.

(d) A Dalaivala anati amakhala pamsewu masiku anayi pa mlungu, ndipo sangasenzetse akazi awo ntchito yosambitsa bambo amene si mbale wawo. Galimoto yokawatenga ilipo, koma yopita nawo kuti.

(e) Wapampando anati kwawo kuli apongozi awo amene akudwala shuga. Anati akafunsa mayi akunyumba, koma sakulonjeza. Mayi a Mapasa anati mayiwo tikuwadziwa tonse, yankho lake tilembe lero. Wapampando anapempha ulemu pa mpando.

(f) A Nesi anati amakhala m'nyumba ya anamwino, mmene saloleza odwala.

5.5 Wapampando anati zikuoneka kuti palibe njira, ndipo chotsala n'kulengeza mawa m'tchalitchi kuti mwina wina adzipereka. A Nesi anati kulengeza kulengezedwe, koma anthu mazana atatu akamva, aliyense amayang'ana mnzake, monga tachitira ife asanu ndi mmodzi. Anati Lolemba m'mawa a Mawotchi awafunsa, ndipo safuna kunamanso.

Wapampando anapempha Mlembi kuti awerenge zimene zagwirizanidwa. Mlembi anati palibe chimene walemba pansi pa mutu umenewo.

5.6 Mlembi anapempha kulankhula ngati membala. Wapampando analola, nati aka n'koyamba chaka chino.

Mlembi anati kunyumba kwake kuli chipinda chapansi, chopanda masitepe, choyandikana ndi bafa. Bedi lili momwemo ndi zitsulo zake, ndipo chikuku chili kuseri kwa chitseko. Anati chifukwa chimene sanabwezere katundu wa mpingo n'chakuti sanalowemo chiyambire mu Juni. Anati kutembenuza wodwala, kumusambitsa pabedi ndi kumudyetsa ndi supuni anaphunzira kwa a Nesi omwewa, ndipo anachita miyezi khumi ndi inayi. Anati a Mawotchi abwere kwake.

A Dalaivala anati, "Achimwene, musalankhule chifukwa choti ife takuchititsani manyazi." Mlembi anati sichoncho.

A Nesi anafunsa mafunso atatu, napempha kuti mayankho alembedwe. Kodi msana wa Mlembi unachira? Mlembi anati umapweteka kukazizira, koma akhoza kunyamula ngati wina agwira miyendo posamba. Kodi mwana wawo wamkazi, amene amakhala kutali, akudziwa? Mlembi anati mwanayo sakudziwa, ndipo mwina sakondwa, pakuti chipindacho amachitcha cha amayi ake ndipo zovala zidakali m'kabati. Amuimbira lero. Kodi Mlembi akudziwa kuti matenda awa akhoza kutha monga anathera ena aja, pa bedi lomwelo? Mlembi anati akudziwa. Anati malemu akanakhala pa benchi yawo, a Mawotchi sakanagona pansi okha, ndipo iye sangakhale pa benchi imeneyo chifukwa maso otero alibe, koma manja ali nawo.

Mayi a Mapasa anatuluka panja pang'ono, kenaka anabwerera.

5.7 Zogwirizana:

(a) Mlembi akasaina kuchipatala Lolemba nthawi ya 9 m'mawa, pamodzi ndi a Nesi. Ayambe afunsa a Mawotchi eni ake. A Nesi anachenjeza kuti bambowo ndi amanyazi ndipo akhoza kukana poopa kulemetsa munthu. Akakana, komiti ilibe njira ina.

(b) A Dalaivala akawatenga Lachitatu. Asintha ulendo wawo ndi mnzawo wa kuntchito.

(c) Mayi a Mapasa atenga chakudya ndi kuchapa Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Wapampando anati masiku otsalawo atenga iwo, ndipo pa ichi safunika kufunsa munthu.

(d) A Kalipentala azibwera m'mawa uliwonse asanatsegule shopu kudzathandiza posamba, ndiponso akhoma chogwirira m'bafa.

(e) Mlembi anati chitseko cha chipindacho chimavuta kutsegula, ndipo anapempha kuti wina adzakhalepo mawa tikaweruka. A Kalipentala, amene anaika chitsekocho chaka chatha, anati akuchidziwa, abwera ndi mafuta. Mayi a Mapasa anati abwera nawo kudzathandiza za m'kabati, ngati mwana wa Mlembi alola.

(f) Mfundo 3(b), ya kubweza chikuku, yachotsedwa.

6. ZINA NDI ZINA

(a) Mayi a Mapasa anati benchi ya pakhomo isakhalenso yopanda munthu. Anagwirizana kuti mamembala azisinthana Lamulungu lililonse, ndipo wokhalapo azizungulira kukaona kuseri kwa chipilala. Mawa ayamba a Dalaivala, amene anati theka la mpingo amalidziwa nkhope zokha. Mayi a Mapasa anati ayambe ndi kufunsa mayina, sikuluma. Mndandanda wa mu Meyi usagwiritsidwenso ntchito. Mlembi anapempha kusunga pepalalo, ndipo analoledwa.

(b) Wapampando ndi a Nesi akathokoza mayi wogulitsa zipatso, ndiponso kumuuza kumene a Mawotchi akakhale.

(c) A Kalipentala anati akhoza kuyesa kuipukusa wotchi ngati kakiyi kapezeka. A Nesi anati kakiyiko kali pa chingwe m'khosi mwa a Mawotchi, anakana kuti kavulidwe ngakhale pojambulidwa. Anagwirizana kuti wotchi isakhudzidwe.

7. MSONKHANO WOTSATIRA

Loweruka, pa 16 Novembala, 2 koloko masana, kunyumba kwa Mlembi, ngati a Mawotchi avomera. Akakana, Wapampando aitanitsa msonkhano Lolemba lomwelo.

8. KUTSEKA

Wapampando anapempha Mlembi kuti atseke ndi pemphero. Mlembi anayamba, ndipo a Dalaivala anamalizitsa.

Msonkhano unatha 4:05 madzulo, malinga ndi foni ya a Dalaivala. Wotchi yapakhoma ikadali pa 10:20.

Wapampando: ____________________

Mlembi: ____________________